Maliro Osaimbidwa a Amayi Anga

Amayi anga anaikidwa m'manda popanda nyimbo ngakhale imodzi. Ndimayambira pamenepa chifukwa anthu akamandinena kuti ndine wouma mtima amakonda kuyambira pakati, pa zimene ndinachita ine, n'kudumpha zimene zinatichitikira ife.

Kwathu ndi kumapiri a Dowa, kuseri kwa Msakambewa. Mudzi wathu ndi wogawika pawiri monga ilili midzi yambiri kuno: ena ndi a tchalitchi, ena ndi a gule wamkulu. Koma magazi sagawika. Amayi anali Mkhristu wa mgonero, mmodzi wa amayi a mpingo ovala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Mlongo wawo, amalume anga, anali munthu wa gule mpaka tsiku lawo lomaliza. Awiriwa ankakondana kwambiri, ndipo nkhani ya chipembedzo sankaiika pakamwa akakumana.

Amalume atamwalira, panapita miyezi ndipo abale anakonza mpalo, mwambo womaliza wokumbukira malemu umene pamakhala mowa ndi gule. Amayi sanapiteko. Sanaonere gule, sanalawe ngakhale kadontho. Chimene anachita n'chakuti mlamu wawo, mkazi wamasiye wa amalume, anali atatupa mwendo, ndiye amayi anamutungira madzi kuchitsime cha kudambo. Madzi amenewo ndi amene anaphikira mowa. Mlandu wonse unali umenewo, ndowa ya madzi.

Panjira ya kudamboko anakumana ndi mkulu wa mpingo wa dera lathu. Anali bambo wamtali, wovala jekete lakuda ngakhale m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo, mlimi wa fodya wokhala ndi matenanti ake. Akayamba kupemphera m'tchalitchi ana ankagona n'kudzuka iye adakali kumwamba, akufotokoza za chimwemwe chimene oyera mtima adzakhale nacho pamaso pa Mulungu. Tsiku limenelo anatsika panjinga, anawapatsa moni amayi mwaulemu, anafunsa za ana kunyumba, mpaka anafunsa kuti madziwo akupita kuti. Amayi, posadziwa kunama, ananena. Sabata yomweyo nkhani inali pabwalo la akulu a mpingo, ndipo amayi anawadula.

Kudulidwa ndiye kuti sudya mgonero, suvala yunifomu, ndipo uyenera kulowa kalasi ya obwerera kwa miyezi mpaka akulu atakhutira kuti walapa. Ukafa usanabwezeredwe, mpingo suimba maliro ako. Amayi sanatsutse. Anachapa yunifomu yawo, anaisita, anaiika pansi pa sutikesi. Sabata iliyonse ankakwera phiri kupita ku kalasi, mayi wa imvi n'kukakhala pabenchi limodzi ndi atsikana otenga mimba zapathengo ndi amuna a mitala, kumayankha mafunso amene anawadziwa ine ndisanabadwe. Ine magazi ankawira. Iwo ankangoti ndisiye, Mulungu akuona.

Amayi anali munthu wolakalaka kumwamba moonadi, osati mwa pakamwa. Tikamasankha fodya m'chigafa, msana utawagwira, ankaongoka pang'ono n'kunena kuti kumeneko kulibe kuwerama. Ankati kumeneko anthu adzaimba pamaso pa Mulungu popanda wina wonena kuti nthawi yatha, ndipo mawu sadzasasa. Ankati iwo safuna malo a kutsogolo, awaike kumbuyo kwenikweni, bola azimuona Mwini wake. Akatero ankayambitsa nyimbo, ine n'kumalandira. Kuimba konse kumene ndili nako ndinakutengera m'chigafa mmenemo.

Mvula itagwa, malungo anawagwira. Sanadwale nthawi yaitali. Anamwalira kalasi ija itatsala pang'ono kutha.

Bambo anga ndi achimwene anga aakulu anapita kwa mkulu wa mpingo uja m'mawa kukapempha. Bambo anali munthu wosagwadira munthu, koma tsiku limenelo anagwada pabwalo la nyumba yake, matenanti akuonerera. Anamukumbutsa kuti malemu sanajombepo ku kalasi, kuti anatumikira mpingo moyo wawo wonse, kuti abusa ali kutali ndipo mawu ake iye monga mkulu wa dera ndi amene angamveke. Iye anayankha kuti lamulo ndi lamulo, akalekerera mmodzi mawa mpingo wonse udzakhala ukutunga madzi a mowa.

Pamaliro anabwera ndi jekete lake lija. Itafika nthawi ya zolankhula anaimirira, anakonza kukhosi, nati: "Mayi awa mpingo sukuwadziwa."

Anakhala pansi. A gule nawonso sakanawavinira, chifukwa kwa iwo amayi anali a tchalitchi. Ndiye panalibe ng'oma, panalibe nyimbo, panalibe mlaliki. Amayi a mpingo, anzawo amene ankaimba nawo maliro a anthu ena, anabwera atavala zitenje wamba ndipo anakhala kumbuyo maso ali pansi. Tinanyamuka kupita kumanda kukungomveka mapazi m'matope ndi kulira kwa ife ana. Ndinali mtsikana wa ku sekondale. Pobwerera ndinafunsa mkazi wa mkulu wa mpingo uja ngati amayi akalowe kumwamba. Anandiyankha kuti zimenezo adziwa ndi Mulungu, koma mmene ananenera ngakhale mwana akanamva kuti akutanthauza ayi.

Anthu ankayesa kuti ndisiya tchalitchi. Ine? Kuti ndimusiyire iye Mulungu wa amayi anga? Ndinakhala momwemo, pabenchi loyang'anana ndi pamene pamakhala akulu a mpingo, kuti akadzutsa mutu azindiona. Ndinaphunzira uphunzitsi, ndinakaphunzitsa cha ku Kasakula, kenako cha ku Chisepo, ndinakwatiwa, ndinabereka, mwamuna wanga anamwalira, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi mwana wanga wamkazi amene ndikukhala naye mpaka lero, mayi wa ana ake tsopano. Ndinalowa m'gulu la amayi a mpingo, ndinavala zoyera. Ndipo chifukwa mawu anga amamveka tsidya la dambo, sipanatenge nthawi kuti ndikhale woyambitsa nyimbo pamaliro.

Ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake. Woyambitsa ndi mmodzi. Iye akaponya mzere woyamba, amayi onse amalandira, ndipo pamene waima iye ndi pamene amayi amasonkhana. Nyimbo ya Mulungu ikayambika siidulidwa pakati, ngakhale abusa amadikira kuti ithe. Palinso mwambo wa mudzi: kumanda kwathu munthu wamkazi salowako wamba. Timalowako pokhapokha tikutsatira bokosi. Choncho manda a amayi anga ndinkawaona pokhapokha wina akamwalira.

Ndaimbira anthu ambiri. Ndaimbira makanda, nkhalamba, aphunzitsi anzanga, ngakhale anthu amene mudzi wonse unkadziwa kuti mowa ankamwera kuseri kwa nkhokwe koma sanagwidwe. Nthawi iliyonse tikalowa m'nkhalango ya manda ndinkaponya diso kumunsi, pansi pa mtengo wa msuku, pamene mtumbira wa amayi unkatsika chaka ndi chaka. Pakhosi panga pankatuluka mawu a chimwemwe chosatha, m'mimba muli moto. Maganizo ankandibwerera ndithu oti ndingopatuka n'kukawaimbira. Koma maliro amenewo anali a anthu osalakwa, ndipo sindikanalanda nyimbo kwa munthu amene sanandilande kanthu.

Mlandu suwola, akulu anatero. Mkulu wa mpingo uja anakhala ndi moyo wautali moti nthawi zina ndinkaona ngati Mulungu akundiseka. Sindinapempherepo kuti afe, zimenezo ayi. Ndinkapemphera kuti ine ndisafe iye asanafe. Achipatala atandipeza ndi kuthamanga kwa magazi, mankhwala sindinkadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Mchere ndinasiya. Mwana wanga ankanditama kuti ndine wodwala womvera, osadziwa chimene chinkandimwetsa mapiritsiwo.

Pamapeto pake bambo aja anakalamba, maso anachita khungu, fodya anasiya, matenanti anabalalika. Tsiku lina m'mawa kunabwera mwana wawo wamkazi kudzanditenga, akuti bambo akufuna kundiona. Ndinavala bwino. Panjira ndinkaganiza kuti tsiku lafika, munthu waona manda ali pafupi ndipo wakumbukira. Ndinkakonzekera kuti akapepesa ndimuyankhe chiyani. Moti mwina, ndikunena mwina, akanapepesa bwenzi nkhaniyi itathera pakhonde pomwepo.

Ndinawapeza atakhala pamkeka, atafunda bulangete, akuwothera dzuwa. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anati ulendo wawo wayandikira ndipo alibe mantha, akupita kwawo, kumene kulibe kutopa, kumene adzaimba pamaso pa Mulungu kosalekeza. Mawu omwewo a amayi anga, akutuluka m'kamwa mwa munthu ameneyo! Ndinamva ngati ndilavule. Kenako ananena chimene anandiitanira. Anati m'dera lonse lino palibe woyambitsa nyimbo ngati ine, ndipo akufuna kuti pamaliro awo ndidzayambitse ndine. Anali atasankhiratu nyimbo zake, zonse za kumwamba, ndipo ananditchulira imodzi imodzi, kuphatikizapo yoti idzaimbidwe bokosi likutsika.

Ndinawafunsa ngati akuwakumbukira amayi anga. Anandifunsa ngati anali mayi aja ankagulitsa zitumbuwa pasukulu.

Abale, sankawakumbukira. Zaka zonsezo ine ndikuwayang'ana pabenchi lija ndikuyesa kuti maso anga akuwaotcha, iwo ankangoona mayi wina woimba bwino. Ndinawafotokozera za ndowa ya madzi, za kalasi, za bambo anga atagwada pabwalo la nyumba yomweyo. Anagwedeza mutu, anaseka pang'ono, n'kunena kuti ee, masiku amenewo mwambo tinkaugwira zolimba, osati za lerozi. Atatero anaitana mwana wawo kuti tiyi wazizira.

Ndinaimirira, ndinakonza chitenje changa, ndinati: "Ndidzaimba, bambo. Musade nkhawa."

Anamwalira anthu atakolola, nyengo yozizira. Maliro anali aakulu zedi. Kunabwera abusa angapo, magalimoto a ana awo ochokera ku Lilongwe, makwaya, ndi amayi a yunifomu ochokera m'mipingo yonse yozungulira, mpaka ena a ku Ntchisi. Pabwalo panayera mbuu. Olankhula anatamanda malemu kuti anali mzati wa mpingo, munthu wosakhotetsa lamulo. Mlaliki anati tisalire, pakuti pamene tikulankhula pano malemu ali m'chimwemwe chimene diso silinaonepo. Ine ndinali kutsogolo kwa amayi a mpingo, duku langa lowala kuposa onse. Pakhomo ndinaimba bwino. Panjira yokwera kumanda ndinaimba bwino koposa, moti anthu ankatembenuka kuti aone mawuwo akuchokera kwa yani. Ndinkafuna kuti amayi onse, ngakhale alendo, adziwe mawu oti aziwatsatira.

Tinalowa m'nkhalango. Manda a malemu anakumbidwa kumtunda, pamalo abwino. Adzukulu okumba manda anaika bokosi pamitengo, anakulunga zingwe m'manja. Abusa anapemphera, ndipo atatha anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti ndiyambitse ya potsitsa ija.

Ndinatembenuka. Ndinatsika pakati pa mitumbira, udzu ukundikola siketi, mpaka pansi pa msuku paja. Mtumbira wa amayi unali utatsala pang'ono kufanana ndi nthaka. Ndinaima kumutu, ndinakoka mpweya, ndinaponya nyimbo.

Amayi a yunifomu aja analandira, chifukwa pakamwa pa mayi wa mpingo pamalandira pokha. Ndipo atalandira anayamba kubwera. Alendo a m'mipingo ina anabwera posadziwa kanthu, ankayesa kuti ndi mmene timachitira kuno. Achitsikana a kwathu anatsatira alendowo. Koma panali nkhalamba zingapo za m'mudzi mwathu zimene zinkadziwa bwino lomwe kuti pansi pa msuku pagona yani, zomwe zija zinakhala kumbuyo ndi zitenje wamba. Zimenezo zinaima kaye, zinayang'anana, kenako zinatsika ndi ndodo zawo n'kudzaima pafupi nane. Posakhalitsa mtumbira wa amayi anga unazunguliridwa ndi zoyera zokhazokha, mizere mizere mpaka kumitengo.

Kumtunda kuja kunatsala amuna ndi abale a malemu. Adzukulu zingwe zinali zitawalemera kale m'manja, sakanadikira. Bokosi la mzati wa mpingo linatsika amayi onse a yunifomu atalifulatira. Ndinaona mkulu wina wa mpingo akundikodola ndi dzanja, nkhope itachita tsinya. Akanatani? Nyimbo inali pakati. Ndinaiimba pang'onopang'ono, ndime zonse, ngakhale zija timazidumpha dzuwa likatentha. Itangotha, anthu asanapume n'komwe, ndinalumikiza yachiwiri, kenako yachitatu, zonse zimene bambo aja anadzisankhira pakhonde paja. Nkhata ya maluwa ya amayi a mpingo inali m'manja mwa mnzanga amene anaima pambali panga. Ndinaitenga, ndinagwada, ndinaiika pa amayi anga.

Ndinalira, inde, koma sikunali kulira kwa chisoni. Mtima wanga unali mbee. Ndinkaimba ndikuwaona amayi atakhala kumbuyo kumene ankakufuna kuja, ndipo ndinkafuna kuti bambo aja akamalowa pakhomo la kumwamba, ngati analowadi, nyimbo zawo zomwe aziimva zikupitirira mutu wawo n'kukagwera pa mayi amene anati mpingo sukumudziwa. Mwana wawo wamkazi uja ndinamuona akulira atagwira kukamwa. Anandimvetsa chisoni pang'ono, chifukwa ndikudziwa mmene zimawawira kuona kholo lako likutsika anthu atayang'ana kwina. Koma iye bambo ake anali ndi mlaliki, makwaya ndi nyimbo za panjira. Ine ndinangotengako za pamanda.

Sipanapite masabata ambiri, anandiitana kubwalo la akulu a mpingo. Chipinda chake ndi chomwe chija anaweruziramo amayi, angosintha malata. Abusa athu a pano ndi wachinyamata, munthu wofatsa, nkhani ya amayi anga inachitika iwo asanabadwe. Analankhula nane mwaulemu ndithu. Anati amva zonse, ndipo iwowo akanakhalapo masiku amenewo mwina zikanayenda mwina. Koma anati ndanyoza maliro, ndachititsa manyazi banja lofedwa pamaso pa alendo, ndipo ndagwiritsa ntchito nyimbo za Mulungu ngati chikwapu. Pamenepo sindinatsutse, chinalidi chikwapu. Anati ndikangonena pamaso pa bwalo kuti ndalakwa ndipo ndikumva chisoni, n'kukapepesa kubanjako, nkhani ithera pomwepo. Ndikakana, sangachitire mwina koma kundidula, ndipo pamsinkhu wangawu ndi matenda angawa ndikudziwa ndekha chimene chingachitike ndikafa ndisanabwezeredwe.

Kenako anandifunsa funso limene limandivutabe. Anati kodi ndikudziwa kuti tsiku lina ndikhoza kukawapeza onse awiri, amayi anga ndi bambo aja, ali pamodzi pamaso pa Mulungu, akusangalala, popanda wosungira mnzake chakukhosi? Anati kumeneko mkwiyo wangawu sudzaloledwa kulowa, udzatsala pakhomo.

Kunena zoona, chimenecho ndi chimene chimandiopsa pa nkhani ya kumwamba. Moto sindiuopa kwenikweni. Ndimaopa kuti ndidzafika kumeneko, Mulungu n'kundisambitsa mtima, ine n'kukhala pafupi ndi bambo amene aja ndikumwetulira, osakumbukanso matope a tsiku lija. Ndimakufuna kumwamba, ndikufuna kukawaona amayi anga akuimba msana utawongoka. Koma ndimapempha kuti asanandichotse mkwiyowu andipatse kanthawi kochepa chabe, ndione nkhope ya bambo aja pamene akuwazindikira amayi.

Ndinawayankha abusa kuti: "Zoti ndikasangalala pafupi ndi bambo amenewo ndikukhulupirira, abusa, chifukwa Mulungu salephera kanthu. Koma ntchito imeneyo akaigwire Yekha kumeneko. Pansi pano chisoni sindikumva, ndipo sindinama m'nyumba ya Mulungu."

Anandidula. Lamulungu ndimapitabe kutchalitchi, ndimakhala kumbuyo ndi chitenje wamba. Mapemphero akatha, a kalasi ya obwerera amatsalira, ine ndimatenga ambulera yanga n'kumatsika phiri. Maliro akachitika amayambitsa ndi mayi wina, mawu ake ndi abwino koma amathamangitsa nyimbo ngati akuthawa mvula.

Amene akuvutika ndi mwana wanga. Poyamba ankalira, ankandichonderera kuti ndingolowa kalasi, ndingonena mawu awiriwo ngakhale ndisakuwamva mumtima, kuti iye asadzayende kumbuyo kwa bokosi langa kuli zii. Ndinamuuza kuti zimenezo sindingathe, ndipo ndikafa asadzapite kukagwadira munthu aliyense. Anasiya kundiuza. Mapazi anga ayamba kutupa chaka chino, ndipo iye amawaona akamandithira madzi osamba.

Sabata yatha masana ndinali gone pamkeka m'nyumba. Ndinamva mawu kuseri, kumene amatsukira mbale. Anali mwana wanga, yekhayekha, akuyeserera kuyambitsa nyimbo ya panjira ya kumanda. Iyeyu sanaimbepo pagulu chibadwire, mawu ake ndi aang'ono ndipo amanjenjemera. Ankaponya mzere woyamba, n'kusiya, n'kuyambiranso, popanda womulandira. Ndinadzuka, ndinagwira khoma mpaka pakhomo. Atandiona anachita manyazi n'kuyamba kupukuta mbale youma kale. Sindinamufunse kuti akukonzekera maliro a yani. Ndinangomuuza kuti akuyambira pamwamba kwambiri, atsitse mawu, chifukwa njira ya kumanda ndi yokwera ndipo akadzakhala yekha mpweya udzamuthera asanafike.